Chisa M'mphuno mwa Ndege ya Mkamwini

Mkamwini wanga anagula ndege. Ndikanena choncho anthu amaseka, ena amandiyang'ana ngati ukalamba wayamba kundisokoneza mutu. Koma anaguladi, ndipo nkhaniyo ndinaimva kwa mwana wanga wamkazi tili kukhitchini m'nyumba yawo ku Romford, iye akusita yunifomu yake ya unamwino.

"Si yonse ayi, amayi. Agula ndi anzawo atatu. Aliyense ali ndi gawo lake."

"Gawo? Ndiye iwo atenga liti, phiko kapena mchira?"

Anangotembenuza diresi n'kupitiriza kusita.

Ine ku London ndinabwera kudzalera mdzukulu. Makolo ake onse ankagwira ntchito, mayi kuchipatala, bambo kokonza mabasi. Ndinamupeza ali ndi zaka zitatu, ndipo pa nthawi ya ndegeyi anali pafupi kukwanitsa zisanu ndi zitatu. Womusambitsa ndinali ine, womuluka tsitsi ine, womuperekeza kusukulu ine, ndipo pageti sindinkachoka mpaka nditaona ndi maso anga kuti walowa m'kalasi. Aphunzitsi sindinkawakhulupirira. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe, amene ankamupatsira maswiti pamwamba pa mpanda, ndiye ayi ndithu. Maswitiwo ankathera m'bini. Musandiweruze. Ndinaika ana awiri m'manda kumudzi, onse awiri pambuyo poti munthu wina wandiuza kuti musadandaule, mayi, zonse zili bwino.

Mkamwiniyo sanali munthu woipa. Anabadwira pafamu ku Zimbabwe, kwa makolo a ku Dedza amene anapita kukafuna ntchito osabwererakonso. Mzungu wa pafamupo anali ndi ndege yopopera mankhwala m'munda, ndipo matenda a ndegewa anawatengera kumeneko. Koma ngakhale anakulira kutali, mwambo ankaudziwa. Kwathu mkamwini ndi apongozi sakhala pamphasa imodzi, sayang'anana m'maso, akakumana panjira wina amapatukira kutchire. M'nyumba ya ku Romford munalibe tchire lopatukira, munali masitepe opapatiza basi. Ndiye iye akafuna kukwera ankayamba wakhosomola, ine n'kubwerera kuchipinda. Zaka zisanu sitinalankhulane mwachindunji. Mawu ankadzera mwa mkazi wake kapena mwa mwana. "Uwauze bambo ako kuti mpopi wa kubafa ukudontha," iye ali pomwepo pampando. Ana a masiku ano amati n'zachikale. Ine ndimati ndi ulemu, ndipo ulemuwo ndi umene unasunga mtendere m'nyumbamo.

Za ndegezo zinafika kumudzi ine ndisanazinene. Nditagula khadi loimbira foni n'kuimbira mng'ono wanga, funso lake loyamba linali lakuti, "Achemwali, ndege imene tikumva kunoyi ndi iti, ya masana kapena ya usiku?" Onani manyazi amene mkamwiniyu anandiveka! Zaka zonsezi ndili m'chigwirizano cha amayi kutchalitchi, lero anthu azinong'onezana kuti mkamwini wanga amauluka palichero.

Loweruka lililonse mkamwini ankapita kukasamalira ndegeyo. Ankabwerako akununkha mafuta, zala zili bii, nkhope ili mwee ngati wachokera kwa chibwenzi. Lero wasintha oilo, mawa wapopa matayala, mkuja akupukuta mapiko. Mpopi wa kubafa uja unkangodonthabe. Koma zonsezo ndinapirira, poti moyo ndi wake, akafuna kukaugwetsa m'munda mwa eni ake n'zake.

Kenako analonjeza mwana kuti pa tsiku lake lobadwa, mwezi wa Epulo, adzamukweza.

Apo ndiye ndinayaka moto. Mwana ndi wa mbumba yathu, mkamwini alibe mphamvu yomutengera kumitambo ngati katundu wake. Mwana wanga anangoti, "Amayi, kuno ndi ku England." Ndinaimbira malume ake a mwanayo, mwana wanga wamwamuna wa ku Lilongwe, amene mwambo umati ndiye mwini mbumba. Mukudziwa chimene ananena? "Aa, amayi, musiyeni akwere. Atitumizireko zithunzi." Mwini mbumba ameneyo!

Ndinatsala ndekha, ndipo ndinati chabwino, kumene apite mwana ine ndili komweko. Ndinkayesa kuti ndawagwira pakhosi. Madzulo omwewo mwana wanga anabwera kuchipinda kwanga atanyamula sikelo ya kubafa.

"Akuti mukwere apa. Ndege yaing'ono imafuna kudziwa kulemera kwa aliyense."

"Akuti ndani?"

"Bambo a mwana."

"Mkamwini kufuna kudziwa kulemera kwa apongozi ake? Ndasanduka belo la fodya ine?"

Ndinakwera, chifukwa cha mwanayo. Mayi ake anawerenga nambala n'kutsika nayo masitepe kukaipereka kwa mwamuna wake. Posakhalitsa anabweranso ndi uthenga wina woposa woyamba: poti ndine wolemerako, sindingakhale kumbuyo, ndiyenera kukhala kutsogolo pafupi ndi woyendetsa. Mipando yake, anatero, ndi yothithikana, mapewa amagundana. Mapewa anga ndi a mkamwini!

Ndinanena kuti ndiyambe ndakaiona kaye. Ma Loweruka atatu ndinapita nawo, nditakhala kumbuyo kwa galimoto, kubwalo lina la kapinga kupitirira Upminster. Ndegeyo inali yakale kuposa mwana wanga, yoyera, ya mzere wabuluu wofwifwa, yomangidwa pansi ndi zingwe ngati mbuzi yolowerera m'dimba. Panali kanyumba kamatabwa komwera tiyi ndi benchi panja. Ndinkakhala pabenchipo, chikhoti mpaka m'khosi, n'kumayang'ana. Ndinaona mmene mkamwini ankatungira mafuta pang'ono pansi pa phiko m'kabotolo n'kukaunika kudzuwa. Ndinaona mmene ankaizungulira akugwedeza ichi, kugogoda icho. Ndinaonanso kuti akamaliza ankatseka mabowo awiri a kumphuno kwa ndegeyo ndi masiponji ofiira. Ndinatuma mwana kukafunsa ntchito yake, ndipo yankho linali lakuti n'zoletsa mbalame kulowa mu injini.

Mwa anzake atatu aja, amene ankapezeka kawirikawiri anali bambo wina wachikulire wopuma pantchito, wa nkhope yofiira, wolankhula mokuwa ndiponso wochita zonse mothamanga. Nditangomuona ndinadziwa kuti uyu ndi wa gulu la musadandaule.

Ndivomereze chinthu chimodzi. Masabata amenewo ndinatumiza mauthenga ambiri. Ndinatumiza wa mitambo, wa mphepo, wa maloto oipa amene ndinalota, wa diso langa lakumanzere limene linkaphethira lokha. Onse mkamwini ankawalandira mwaulemu n'kuwabweza kudzera mwa mwana: "Uwauze agogo kuti tamva."

Tsiku litafika, mwana wanga anaitanidwa kuntchito, akuti anamwino achepa. Tinapita atatu. Tinapeza wa nkhope yofiira uja wafika kale, wamasula zingwe, wathira mafuta, akudzitama kuti wakonzeratu zonse ngati mphatso ya mwana. Masiponji ofiira aja panalibe kumphuno, anali pampando wakumbuyo. Mkamwini anaganiza kuti mnzakeyo wawachotsa m'mawa womwewo. Analowa onse m'kanyumba kaja kukaona za nyengo, mwana akudumphadumpha pambuyo pawo, ine n'kutsala pabenchi.

Ndipamene ndinaona kambalame kakuda konyezimira katatera pamphuno pa ndegeyo, udzu uli kukamwa. Kanayang'ana uku ndi uku n'kulowa pabowo. Kanatuluka kukamwa kuli pululu. Kanabweranso kachiwiri, kachitatu. Kankalowa mosakayika, ngati mwini nyumba. Ndinadzuka n'kuyandikira, ndipo pansi pa bowolo ndinaona zitosi zoyera, zouma gwa. Amene anasungako chimanga m'nkhokwe amadziwa kusiyanitsa zitosi za lero ndi za dzana. Masiponji aja sanachotsedwe m'mawa umenewo. Wa nkhope yofiira uja anauluka mkati mwa sabata n'kuiwala kuwabwezera.

Atatuluka, mkamwini anachita mwambo wake wonse, kabotolo, kugwedeza, kugogoda. Anasuzumira pabowo paja, koma kutsogoloko kunalibe kanthu. Ndinakoka mwana.

"Kawauze bambo ako kuti mbalame yamanga chisa mkati umo."

Mwanayo anandiyang'ana ndi maso odandaula. "Agogo, mwayambanso?" anatero m'Chingerezi chake. Komabe anapita. Ndinaona mkamwini akumwetulira, ndipo yankho linabwera: "Akuti asuzumira kale, mulibe kanthu. Akuti musadandaule."

Musadandaule.

Anamukweza mwana kumbuyo, kumumanga malamba, kumuveka zomvera m'makutu zazikulu kuposa mutu wake. Iye anakhala pampando wake. Kenako mwana anakuwa pakhomo, "Agogo, akuti kwerani!"

Sindinakwere. Ndinayenda mpaka kumphuno kwa ndegeyo, kutsogolo kwenikweni kwa chitsulo chozungulira chija amati pulopela, n'kuima pamenepo. Ndinadzutsa nkhope n'kumuyang'ana mkamwini wanga m'maso kudzera pagalasi, chinthu chimene sindinachitepo chikwatire iye mwana wanga.

"Bambo, tsikani."

Anatulutsa mutu pazenera, maso atatuluka. "Amayi! Chokani pamenepo, chonde, pamenepo pamapha!"

"Ndichoka mukatsegula apa."

"Ndayang'ana kale, amayi."

"Mwayang'ana pakhomo. Ine ndikunena kuchipinda. Tsegulani."

Wa nkhope yofiira uja anabwera akuthamanga, akulankhula Chingerezi chothamanga ngati iye mwini, manja ali m'mwamba ngati akuingitsa nkhuku. Ndinamuyankha m'Chichewa kuti akaingitse amake. Anthu anatuluka m'kanyumba kaja, makapu ali m'manja, kudzaona gogo wakuda amene waima kutsogolo kwa ndege. Mwana anayamba kulira kuti ndamuonongera tsiku lake. Ine sindinasunthe.

Mkamwini anatsika. Anatenga sikuludiraiva n'kuyamba kumasula chivundikiro cha injini, nsagwada zili gwa ndi mkwiyo. Atachinyamula anangoima chilili.

Kumbuyo kwa injini, pamwamba penipeni pamene pamatentha, panali udzu wouma wodzaza beseni, nthenga, timaulusi, timapepala ta maswiti, zonse zolukidwa bwinobwino. Anaika chivundikiro pansi, iyenso n'kukhala pansi pakapinga. Kenako ananena motsitsa, osayang'ana aliyense, "Zikanayaka tili m'mwamba."

Ndipo wa nkhope yofiira uja anatani? Anaseka! Anaseka, akuti zimachitika nyengo ino, akuti mbalamezi n'zakhama. Anafika pondisisita paphewa n'kundifunsa ngati ndingamwe tiyi. Mdzukulu wanga akanapsa m'mitambo chifukwa cha masiponji awiri amene iye anaiwala, ndipo malipiro ake ndi kapu ya tiyi. Ndinachotsa dzanja lakelo paphewa panga ngati ndikuchotsa mbozi.

Tsiku limenelo sitinauluke. Mkamwini anati ayenera kuchotsa kaudzu kalikonse ndiponso kuti makaniko wa ndege aione kaye. M'galimoto pobwerera mwana anandifulatira. Inenso mtima sunali m'malo, chifukwa ngakhale ndinalondola, ndinali nditakalipira mkamwini pagulu, maso ndi maso, ndipo chinthu chotero sichibwerera m'mbuyo. Ndinkadzifunsa kuti pamasitepe paja tizidutsana bwanji tsopano.

Mawa lake titabwerako kutchalitchi ndinamva kukhosomola pakhomo la pabalaza. Mkamwini anali atagwada, mkazi wake ataima pambuyo pake, m'manja muli nkhuku. Anali atafunsa akuluakulu a kutchalitchi mmene zimakhalira kwathu mkamwini akafuna kumasukirana ndi apongozi. Nkhuku yamoyo sanaipeze, ndiye anabweretsa yosola kale, yozizira, ya m'pepala la pulasitiki.

"Amayi," anatero, maso ali pansi, "ndimati kuyambira lero tizilankhulana. Mawu akamadzera mwa mwana amafika ataonda."

"Amafika bwinobwino," ndinatero. "Amene amaonda ndi makutu."

Mkazi wake anatseka pakamwa ndi dzanja. Nkhukuyo ndinailandira, koma ndi mawu awiri. Loyamba, mwana sakwera popanda ine. Lachiwiri, ndege siyenda chivundikiro chija chisanatsegulidwe ine ndikuona. Anati kutsegula nthawi zonse kumadya nthawi. Ndinamufunsa ngati kumanda kuli changu.

Patapita masabata awiri tinauluka. Mapewa anagundanadi, palibe kothawira, ndipo ine ndinapotolokera kuzenera mpaka khosi linandiwawa. Ndinaona mtsinje wa Thames uli tambalale, mlatho waukulu, magalimoto ngati nyerere zonyamula chakudya. Mwana kumbuyoko ankakuwa m'makutu mwathu kuti waona sitima, waona ng'ombe, waona sukulu yake, imene sinali sukulu yake n'komwe. Ine sindinasangalale. Ndinkanunkhiza utsi ulendo wonse. Titatera mkamwini anafunsa, "Mwaiona bwanji, amayi?" Ndinati mpopi wa kubafa ukudonthabe. Anaukonza madzulo omwewo.

Zaka zitatu zotsatira mwanayo anakwera kangapo, ine ndili pampando wanga, chivundikiro chitatsegulidwa kaye. Chisa china sitinachipezenso, ndipo nthawi iliyonse mkamwini ankandiyang'ana ngati akuti mwaona. Ndinkamuuza kuti atsegulenso ulendo wamawa. Tsopano timalankhulana, nthawi zina timadyera patebulo limodzi. Koma za sikelo zija, zoti nambala yanga inatsika masitepe kukafika m'manja mwa mkamwini, sindinakhululuke, ndipo akudziwa.