Mphini zitatu pachifuwa changa

Chizindikiro choyamba ndinachimva m'mwezi wa Meyi chaka chatha, ndikutola thonje m'munda mwanga ku Ngokwe. Mtima unayamba kugunda mosokonekera, kuthamanga kenako kudukiza, mpweya nkumandiperewera. Ndinapirira miyezi iwiri, poti ndine wouma mutu chibadwire.

Kuchipatala cha boma anandimata timawaya pachifuwa. Adokotala anati mtima ukamagunda chonchi, magazi amaundana m'kathumba kena ka mumtimamo, ndipo oundanawo akathawira ku ubongo munthu amafa ziwalo. Anandipatsa mapiritsi oletsa magazi kuundana, nkundiuza kuti ndizibwera mwezi uliwonse kudzayezetsa. Anandichenjezanso kuti ndizipewa mabala. Mawuwo analowera khutu ili nkutulukira linalo.

Mu Sepitembala mlamu wanga, poona kuti mtima sukukhazikika, ananditengera kwa asing'anga. Ananditemera mphini zitatu pachifuwa. Tinali timabala ta lezala toti ngakhale mwana sangalire nato, koma magazi sanaleke kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Nsalu ziwiri zinanyowa. Ndinagwidwa ndi mantha, ndipo m'malo modzudzula lezala ndinadzudzula mapiritsi. Ndinawataya m'chimbudzi osauza munthu.

Patatha masabata asanu, ndikusamba m'manja kuti ndikaswali kumzikiti, ketulo ya madzi inandipulumuka. Dzanja lamanja linangoti lende, pakamwa nkupotoka. Ndinagonekedwa m'chipatala masabata atatu, mkazi wanga akunditembenuza ndi kundisambitsa ngati khanda. M'mawa uliwonse anamwino ankandiuza kuti ndiwafinye chala, ine nkulephera. Manyazi anandipweteka kuposa matendawo.

Lilime litamasuka ndinaulula zonse, nkufunsa ngati palibe njira ina yopanda mapiritsi.

"Ilipo, bambo," anatero adokotala. "Kunja amaika kachipangizo kotseka kathumba kaja. Amakalowetsa kudzera mumtsempha wa pantchafu, ndipo ambiri amadzasiya mapiritsiwa. Ife kuno tilibe. Chomwe tili nacho ndi chomwe munataya chija."

Lero ndimayenda ndi ndodo ndipo mawu anabwerera. Mapiritsi amasunga mkazi wanga, sandikhulupiriranso, ndipo sindimudandaula. Tsiku loyezetsa magazi timalawirira kukakhala pamzere.

Inu amene mtima wayamba kukudumphadumpha, pitani kuchipatala msanga. Mukapatsidwa mapiritsi amenewa, lezala lisakukhudzeni, ndipo magazi akakuopsani thamangirani kwa adokotala musanasiye kumwa. Mphini zanga zinapola sabata imodzi. Dzanja ili latha chaka lisanachire, ndipo thonje la chaka chino anatola ndi mkazi wanga yekha.