Ndinawauza Bambo Kuti Ndikupita ku Nakonde

Inu owerenga, bambo anga anaikidwa m'manda ine ndili ku China, abale onse akudziwa kuti ndili ku Nakonde. Palibe anandipusitsa, palibe anandibera. Bodzalo ndinaliphika ndekha, ndipo nthawi imeneyo ndinkaliyesa nzeru.

Ndimagulitsa makatani ndi nsalu zoyala pabedi pamsika wa ku Chawama, kuno ku Lusaka. Kwa zaka zambiri ndinkaoda katundu m'tauni, nthawi zina ku Nakonde, kumalire ndi Tanzania. Kenako mtima unayamba kundivuta. Ndinkafuna kukaona ndi maso anga mafakitale amene amapanga nsaluzi, ndikasankhe ndekha mitundu, ndigwirizane ndi eni ake popanda munthu wapakati. Pa intaneti ndinapeza mafakitale angapo a ku China, tinayamba kulemberana, iwo n'kumanditumizira zithunzi.

Kwathu kukomboni ambiri sitinena za ulendo waukulu mpaka titakwera. Timaopa nsanje, timaopa kulodzedwa, komanso timaopa kusekedwa zikakanika. Mayi wina wogulitsa pa benchi yoyandikana ndi yanga pamsika anachitira umboni kutchalitchi kuti akupita kunja, viza n'kumukana. Msika wonse unamudya miseche mpaka anasamuka. Ine ndinalumbira kuti zanga sazimva munthu, ngakhale wa m'mimba imodzi.

Choncho zonse ndinayendetsa ndekha. Pasipoti ndinkaibisa pansi pa thumba la makatani. Tsiku limene viza inatuluka ndinalibe womuuza, ndinangoseka ndekha m'minibasi mpaka kondakitala anandiyang'ana ngati wapenga. Pamsika pathu pali amayi amene amapita ku China m'gulu chaka ndi chaka. Ndikanangowafunsa funso limodzi, akanandiuza mwezi woyenera kupita, koma ndinkawadutsa ngati sindikuwaona. Ngakhale eni mafakitale sindinawauze tsiku lobwera, chifukwa ndinamva kuti ukawauziratu ena amakuonetsa fakitale ya mnzawo. Ndinati ndikawadzidzimutse. Ine ameneyo, wochenjera wa ku Chawama!

Bambo anga anachoka ku Ntcheu ali mnyamata, ndipo moyo wawo wonse ananyamula katundu m'mafakitale a ku Industrial, kuno ku Lusaka. Amayi atamwalira ankakhala ndi mng'ono wanga Esinati. Lamulo lawo linali limodzi: mwana wawo sayenda osatsanzika. Ndinapita kukatsanzika, ndinawapeza atakhala pakhonde, miyendo itatupa ndi matenda a shuga. Ndinagwada n'kunena kuti ndikupita ku Nakonde kukaoda katundu. Anandigwira dzanja n'kupempherera dalaivala wa basi, matayala ndi msewu wonse wa kumpoto. Ine maso ndili chitsinzire, tikiti ya ndege ili m'chikwama.

"Uyende bwino mwanawe, koma usakachedwe. Thupi langali silikundisangalatsa," anatero.

Ndinafika ku China kukuzizira koopsa. M'mawa mwake ndinapita ku fakitale yoyamba, ndinapeza geti lokhoma. Yachiwiri chimodzimodzi. Pa yachitatu mlonda anandimvera chisoni, analemba mawu pafoni yake, foniyo n'kumasulira. Inali nyengo ya chaka chatsopano cha kwawoko. Mafakitale onse anali atatseka kwa milungu ingapo, antchito ndi mabwana omwe atapita kumidzi kukaona makolo awo. Taganizani inu owerenga, dziko lonse linali litapita kwa makolo, ine nditathawa anga.

Tikiti yanga inali yotchipa, yosasinthika tsiku. Ndinakhala m'kachipinda ka hotela ndikuyang'ana misewu yopanda anthu, ndikudya mabisiketi chifukwa malo odyera ambiri anali otseka. Sindinayambe ndasungulumwapo choncho. Masiku ankatha osalankhula ndi munthu, moti ndinayamba kuwerenga mokweza zolembedwa pa paketi ya sopo kuti ndingomva mawu. Foni yanga sinkagwira. Mtsikana wa pahotelapo anandilozera foni yawo kuti ndiimbe kwathu, ine n'kukana. Ndinaopa kuti Esinati akaona nambala yakunja adziwa, ndipo Chawama yonse imva kuti ndapita ku China kukaona mageti okhoma.

Nditatera pabwalo la ndege ku Lusaka, ndinayatsa foni. Mauthenga analowa mondondozana. Oyamba ankati bambo agonekedwa kuchipatala. Apakati ankangofunsa kuti ndili kuti. Otsiriza sindinathe kuwamaliza.

Kunyumba kwa Esinati ndinapeza tenti atachotsa kale, pabwalo patangotsala phulusa la moto wa pamaliro. Anthu a mpingo anali atabalalika, achibale a ku Malawi atabwerera. Esinati anali kutsuka mapoto obwereka. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana kachikwama kanga kamene kanali ndi chipepala cha ndege chikulendewera.

"Ba sisi, munali kuti? Tinakusakilani Nakonde yonse," anatero osakweza mawu.

Ndinamuuza zoona. Sanalire, sanandikalipire, anangopitiriza kutsuka uku akufotokoza. Masiku amene ankandiyembekezera kuchokera ku Nakonde atapitirira, bambo anayamba kuvutika mumtima. Achibale ena ankati bizinesi yandizunguza mutu, mwina ndili kwa mwamuna. Bambo anawakalipira ali pabedi la chipatala. Anati mwana wawo sanawanamizepo chibadwire, ngati anati Nakonde ndiye kuti ali ku Nakonde, ndipo ngati sakuyankha foni ndiye kuti basi yachita ngozi. Anatuma mwamuna wa Esinati kukwera basi kukafunsa m'zipatala ndi m'nyumba zachisoni za m'njira monse. Chakudya anasiya kulandira, ankati adya akamva za ine.

"Batate banafa bakulila imwe. Banali kuganiza kuti mwafa," anatero Esinati.

Papita nthawi tsopano. Benchi yanga ilipobe, ndimaodabe m'tauni ngati kale. Esinati amandipatsa moni, timakhala pamodzi kutchalitchi, koma ndikamuuza kuti ndapita kwakuti amangoti chabwino, ndipo ndimaona m'maso mwake kuti sakukhulupirira. Sindimudandaula.

Inu amene mukukonza ulendo wokaona mafakitale kunja, funsani amene anapitako kale, ngakhale muziwaona ngati opikisana nanu. Auzeni eni mafakitale tsiku lofika. Konzani njira yoti akwanu akupezeni pafoni musanakwere ndege. Msika wonse mutha kuubisira, zimenezo n'zanu, koma pakhale munthu mmodzi wa m'nyumba mwanu wodziwa kumene muli. Ine ndinkaopa anthu oti akanandiseka sabata imodzi n'kuiwala. Chifukwa cha mantha amenewo, munthu yekhayo amene ankakhulupirira mawu anga onse anatsikira kuli chete akundifunafuna pakati pa mitembo.