Tinadikira mlembi mpaka abambo ananyamuka

Amene wandikakamiza kulemba izi ndi Esinati, mwana wa malemu achimwene anga a Filipo. Akuti azakhali, mukamangodandaulira ife kukhitchini anthu ena sadzamva. Ndiye ndalemba, sukulu yanga ndi ya Sitandade 6, mundikhululukire.

Tsiku loika maliro ndinadzuka kusanache. Kugona kwake kunali kwa pamkeka m'nyumba ya siwa, miyendo ya anthu ili pamsana panga. Amayi a kutchalitchi anali atasasa mawu ndi kuimba. Ndinapita kuseri kukasonkha moto. Nkhuni zinali za mango zaziwisi, utsi wokhawokha, ndipo amene anabweretsa ndikumudziwa koma ndisamutchule. Tinayamba ndi kondowole wa adzukulu chifukwa analawirira kumanda, kenako mpunga. Unali mwezi wa Okutobala, kuno ku Liwaladzi dzuwa lake mumalidziwa. Pofika seveni malata anali akuthetheka kale.

Achimwene anadula nzimbe ku Dwangwa zaka zambiri, ndipo anzawo anawasankha katatu kuti aziwayankhulira mu yuniyoni, bungwe lija la anthu apantchito. Koma ali m'chipatala chimene anandipempha ndi chimodzi. Anati, "Mlongo, adzandiike ndi abambo, ndi Misa yake." Anali munthu wa kwaya kuyambira ali mwana. Abambo wansembe anavomera kuti tiyambe naini, koma anachenjeza kuti leveni ikakwana anyamuka, kunali maliro ena kupitirira kuboma.

Lole ya odula nzimbe inafika eyiti, yodzaza mpaka ena atakhala pamwamba pa mutu wa dalaivala. Ndinalira powaona, ena anataya tsiku la ntchito. Tcheyamani wawo anapita kwa amalume n'kunena kuti mlembi wa ku ofesi ya ku Lilongwe waimba foni, ali m'njira, watenga nsalu ya bungwe yofunditsa bokosi ndi kalata. Akuti sitingayambe abwana asanafike.

Ine ndinasiya chipande n'kupita pomwepo. Ndinati, "Abwana ake ati?" Pajatu achimwene ankatifotokozera mpaka kutitopetsa, ngakhale tikusenda chinangwa. Ankati mu yuniyoni muli anthu amene mumasankha pokweza manja, ndiye muli ena olembedwa ntchito kuti azilemba makalata ndi kuwerenga malamulo, malipiro awo amachoka pa zimene mamembala amadulidwa. Ndinawauza a tcheyamani zimenezi. Anandiyankha kuti, "Amayi, izi ndi za bungwe, simungazimve." Amalume nawo anangovomera kudikira, poti bokosi linagulidwa ndi yuniyoni.

Mayi wina wopalira m'minda ya nzimbe anaimirira n'kunena kuti bwanji mamembala akweze manja, tione ofuna kuti mwambo uyambe. Azibambo anamukhazika pansi, akuti pamaliro sitivota. Chonsecho ndimawamva akung'ung'udza okhaokha kuti dzuwa lakula. Aliyense amafuna tiyambe, koma woti anene mokweza panalibe.

Naini inadutsa, teni inadutsa. Abambo anakhala pamthunzi atavala kale mkanjo, akuyang'ana wotchi. M'nyumba amayi amakupiza bokosi ndi zitenje, sindinena zambiri, mukudziwa zimene kutentha kumachita. Mpunga unauma. Leveni itapitirira pang'ono abambo analowa, anapemphera mwachidule ndi alamu anga amasiye, anapepesa, n'kukwera njinga yawo yamoto. Ine ndinaima pakhomo mpaka fumbi linatha.

Mlembi uja anafika cha m'ma thwelofu, pa kabaza. Ine ndimayembekezera chimunthu cha mimba m'galimoto. Ayi, kamnyamata kowonda, fumbi mpaka m'nsidze, minibasi inawafera ku Benga. Ataona bokosi lili m'nyumba anadabwa. Anati, "Simunaike? Mumadikira ine? Bambo tcheyamani, ine ndinangoti ndichedwa. Ine ndine wantchito wanu, nthambi ya yuniyoni ndi yanu, maliro ndi a abale." Mawu amene ndinakonzera mlembiyo m'mawa wonse ndinasowa powaika.

Tinanyamuka dzuwa lili paliwombo, mchenga ukuotcha kudutsa m'mapatapata. Odula nzimbe ananyamula bokosi mosinthana, ndipo kuimba anaimba bwino, zimenezo sindingawanamizire. Akatekisiti anawerenga mapemphero a kumanda. Kalata ija inawerengedwa, inali ndi mawu abwino. Misa panalibe.

Madzulo anthu atabalalika nyumba inati zii. Mikeka inali yopinda pakona, kuseri kunatsala phulusa ndi mafuwa. Alamu anakhala pakhonde osadya. Ndinawauza kuti abambo atumiza uthenga kuti Misa adzachita Lamlungu. Anagwedeza mutu n'kunena kuti, "Koma mwini wake sadzakhalapo."

Inu mwawerenga, patsirani anzanu amene ali mu yuniyoni, a ku nzimbe, a kuchipatala, aphunzitsi, aliyense. Auzeni kuti mlembi akachedwa iwo asamangokhala pamthunzi. Ife zatitengera Misa ya achimwene.