A Kaya ndi Ukhansala wa Akazi Awo

Mumsewu monse muja ankangowatchula kuti a Kaya. Ukawauza kuti mvula ibwera mawa, ankati, "Kaya." Ukawauza kuti boma latsitsa mtengo wa mafuta, ankatinso, "Kaya," uku akukwinya mphuno ngati munthu amene wamva fungo la chopserera koma sakuona pamene pakufuka utsi.

Ntchito yawo inali yokonza mawailesi. Anali ndi kachipinda kuseri kwa sitolo ya zitsulo, kodzaza ndi mawailesi otumbulidwa, masipika ong'ambika ndi mabatire akutha amene ankakana kuwataya. Ankakhala chiweramire patebulo, magalasi ali pansonga ya mphuno, utsi wa mtovu ukuwalowa m'maso. Wailesi ikachira ankaiyesera pa nkhani, moti malonjezo a andale anawamva kuposa munthu wina aliyense m'deralo.

Kukayika kumeneku sanabadwe nako. Bambo awo atamwalira iwo akadali mwana, kunabwera abale a malemuwo, nkhope zili zakugwa, akuti adzasamala banja. Posakhalitsa mayi awo anapezeka panja ndi ana, nyumba italandidwa, ndi makina osokera omwe. Panalibe wowalankhulira. N'chifukwa chake malamulo aakulu a dziko atanena kuti mwamuna ndi mkazi n'chimodzimodzi pa katundu, pa ntchito ndi pa udindo, a Kaya anakondwa poyera. Kunyumba ankachapa matewera ndi kutsuka mbale, anzawo n'kumawaseka kuti anaikidwa m'botolo. Iwo ankangoti, "Lamulolo ndimalikhulupirira. Amene sindiwakhulupirira ndi awa amaliwerenga mokwezawa."

Akazi awo ankagulitsa ziwiya pamsika, ndipo amayi a pamsikapo anawasankha kukhala mtsogoleri wawo. Anali mayi wosalankhula pawiri. Ndi iwo amene anapanikiza akuluakulu a msika mpaka kumanga chimbudzi cha amayi.

Chaka cha chisankho, tcheya wa chipani m'deralo anatulukira pakachipinda paja atakwapatira wailesi. A Kaya anaimasula, anayesa waya uliwonse, koma sanapeze chovuta.

"Wailesi yanuyi ndi yamoyo kuposa ine, a Tcheya."

"Ndiye kuti yachira chifukwa choona dokotala," anatero a Tcheya akuseka, n'kudzikokera mpando. "Komatu achimwene, nthawi ya amayi yakwana. Ndawapempha mayi a kunyumba kwanu kuti aime pa ukhansala paokha, osati pachipani. Ine ndiwathandiza mwakachetechete."

"Nanga si chipani chanu chaimika alamu anu?"

"Alamu anga aja ndatopa nawo."

A Kaya anabwezera masikulu omangira wailesiyo limodzilimodzi. A Tcheya omwewa ndi amene ananena pamsonkhano wina kuti mkazi akaimirira pagulu azikhala kuti akuyambitsa nyimbo. Kufanana kwa amuna ndi akazi anakuphunzira liti? Komanso panali kale mayi wina amene anaima, namwino wopuma ntchito, amene theka la ana a m'deralo anabadwira m'manja mwake.

Madzulo akudya, a Kaya anati, "Mayi, mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Munthu uja sakufuna kuti inu mupambane. Akufuna inu ndi anamwino aja mugawane mavoti a amayi, alamu ake adutse pakati."

Mayiwo anaika supuni pansi. "Ndiye mukuti ine sangandipemphe chifukwa choti ndingathe? Zaka zonsezi mwakhala mukuimba nyimbo ya kufanana. Lero kufananako kwafika m'nyumba mwanu, mwayamba kununkhiza?"

"Sindikukayikira inu."

"Mumakayikira aliyense, bambo. Ine ndingapulumuke bwanji?"

Mawu amenewo anawalasa. Kwa masiku angapo ankagwira ntchito mtima uli kwina, mpaka anadziwotcha chala ndi chitsulo chosungunulira mtovu. Anayamba kudzifufuza okha. Kodi n'zoona kuti akuopa a Tcheya, kapena akuopa kutchedwa "amuna a akhansala"? Sanapeze yankho lowakhutiritsa, choncho anatseka pakamwa. Akazi awo atawapempha kuti awakonzere chimkuzamawu cha pamisonkhano, anachikonza bwinobwino.

Koma maso sanatseke. Zithunzi za akazi awo zinamatidwa pamsika, pachipatala ndi pamjigo, paliponse posonkhana amayi. Kudepoti ya basi, kumagalaja ndi kumalo omwera kunali nkhope ya alamu a Tcheya yokhayokha. Womata zithunzi za mbali zonse ziwirizo anali munthu mmodzi, chidebe cha guluu chomwecho. A Kaya anaona, koma anaopa kuti akanena ayambanso kuoneka ansanje.

Mayiwo anazitulukira okha. Tsiku lina anauza a Tcheya kuti akufuna kukachititsa msonkhano kudepoti, akalankhule ndi madalaivala.

"Iyayi mayi, kumeneko n'kwa amuna," anayankha a Tcheya mofulumira. "Inu limbikirani kwa amayi anzanu. Makamaka aja amatsata anamwino."

Mayiwo anachoka osatsazika. Kunyumba sananene kuti amuna awo ankanena zoona, ndipo a Kaya sanafunse. Anangoona akazi awo akuvala nsapato zoyendera.

"Ndiperekezeni kwa anamwino."

Anamwino anawalandirira pakhonde, osawalowetsa m'nyumba. Anamvetsera nkhani yonse manja atapinda pachifuwa.

"Ndidziwa bwanji kuti sanakutumeni kuno a Tcheya omwewo?"

"Simungadziwe," analowererapo a Kaya. "Inenso ndikanakhala inu sindikanakhulupirira. Ndiye musakhulupirire ife. Itanani amayi onse pabwalo, masana dzuwa likuswa mtengo, asankhe okha mmodzi wa inu. Wotsalayo amuthandize mnzake."

"Ndipo wowerenga manja asakhale amuna angawa," anawonjezera mayiwo. "Angakayikire ndi manja omwe."

Anamwino anaseka koyamba, n'kuwatulutsira mipando.

Amayi anasonkhanadi pabwalo la sukulu. Panali kukangana, ena akuti mayi wa pamsika ndi nyambo ya chipani, ena akuti anamwino akula. Pomaliza manja ambiri anakwera kwa mayi wa ziwiya, chifukwa cha chimbudzi chija. Anamwino anakhumudwa, ndipo sanabise, koma anasunga pangano. Ndi iwo amene anatsogolera ulendo wa kudepoti, n'kuuza madalaivala kuti, "Ambiri a inu ndinakuonani musanavale kabudula, ndiye khalani chete mumvere."

Thandizo la a Tcheya linathera pomwepo. Zithunzi zinayamba kung'ambidwa, ndipo kunabuka mphekesera yoti mayiwo akapambana adzawasiya amuna awo. Wina atabwera nayo kukachipinda kuja, a Kaya anamufunsa amene wamutuma, munthuyo n'kuchoka osatenga wailesi yake.

Tsiku loponya voti a Kaya sanatsegule ntchito. Anaima patali pamene lamulo limalola, maso ali pa mabokosi, mpaka kuwerenga kunatha. Akazi awo anapambana, ngakhale kuti alamu a Tcheya anawatsatira pafupi kwambiri.

M'mawa mwake a Tcheya anafika ndi tambala wamkulu, akuti zonsezi anazikonza ndi iwo kuyambira pachiyambi. Mayiwo anawathokoza mwaulemu. A Kaya anadikira kuti mlendoyo afike pamsewu, kenaka ananyamula tambalayo n'kuwathamangira.

"Mwaiwala nkhuku yanu, a Tcheya."

Masiku ano mawailesi obwera kudzakonzetsa ndi ochepa, anthu anasamukira pa mafoni, ndipo maso a a Kaya ayamba kuchita mdima. Amatseka kachipinda kawo dzuwa likadali pamwamba n'kukaphikira zidzukulu, chifukwa akhansala amachedwa kumisonkhano. Ngalande ya pamsika inakumbidwa. Mlatho wa kusukulu sunamangidwebe, ndipo pamsonkhano wa m'dera wapitawu munthu woyamba kuimika dzanja kufunsa za mlathowo anali mwamuna wa akhansala. Mayiwo anamuyankha monga amayankhira wina aliyense, kenaka anaitana wofunsa wotsatira.