Kopopera Kachiwiri

Amuna anga ali ndi mphumu, ndipo ntchito yawo ndi yodulira tiyi. Ziwirizi sizigwirizana, chifukwa pa esiteti pathu tiyi amadulidwa m'nyengo yozizira, pamene chiperoni chimabwera n'kukhala masiku atatu ngati mlendo wosadziwa kutsanzika. Mawawa akangoyamba, ine khutu langa limakhala pachifuwa chawo.

Chaka chimenecho ku kiliniki ya esiteti kunabwera adokotala atsopano, mayi wamfupi wochokera kumpoto. Atawayeza abambowo, anandiitana inenso. Patebulo anaikapo topopera tiwiri, tija munthu amapopera m'kamwa akabanika.

"Aka ndi kogwiritsa ntchito," anatero. "Aka ndi ka sipeya. Musakatsegule pokhapokha koyambaka katatha kapena katasowa. Ndipo si ka chifuwa chilichonse ayi, ndi ka bambo awa okha."

Kenako anatenga botolo lapulasitiki, analiboola kunsi, n'kulowetsapo kopoperako. Anandionetsa mmene munthu wobanika amakokera mankhwala kudzera m'botolomo, mpaka ndinabwereza katatu iwo akuyang'ana. Anati zikavuta ndiwakhazike tsonga, ndiwapopere monga andionetsera, ndipo ndibwere nawo ngakhale ataoneka kuti apezako bwino. Tsiku lotha ntchito mankhwalawo analilemba ndi zilembo zikuluzikulu pakabokosi.

Adokotalawo sankawadziwa malayini athu. M'nyumba za kampani mulibe chinthu cha munthu mmodzi. Mchere timapatsana, sefa imayenda khomo ndi khomo, ndipo munthu akachira asanamalize mapiritsi, otsalawo amakachiza mutu wa mnzake. Inenso ndinakulira momwemo, ndipo ndamwapo mapiritsi ambiri osadziwa dzina lake.

Sipanathe sabata, alamu anga, mlongo wawo wa amuna anga, anatulukira pakhomo. Iwo ndi ine timathyola tiyi m'gulu limodzi.

"Alamu, abambo kwathuku chifuwa chawavuta. Ndamva muli nato tiwiri."

Ndinawauza kuti apite nawo ku kiliniki akawayeze, chifukwa aka n'kolembera munthu mmodzi.

"Iii, nde udokotalawu mwaphunzira liti? Chinthu chingokhala m'sutikesi ngati yunifolomu ya mvano, munthu akutsokomola?"

Amuna anga ndi aja oti ungawavule malaya iwo akukuthokoza. "Apatseni, mayi, ndi achemwali angatu awa," anatero. Ndinakana. M'mawa mwake ndinawapeza akufufuza m'sutikesi, ati akufuna masokosi. Masokosi ake ati, munthu wovala jombo zopanda kanthu chaka chonse? Ndinakatenga kopoperako, ndinakakulunga m'pepala la shuga, n'kukamangirira pamfundo ya chitenje m'chiuno mwanga, kunsi kwa pulasitiki yomwe timavala kuti tisanyowe ndi tiyi. Botolo lija ndinkaliika pansi m'dengu lothyolera tiyi.

Alamu anasiya kundipatsa moni. Kumpope amayi ankati, "Apatseni mpata anesi atunge." Amuna anga omwe anayamba kunditcha kiliniki yoyenda. Ndinkaseka nawo, koma zinkandiwawa kwambiri. Kutchedwa womana pamalayini ndi chinthu cholemera, ndipo masiku ena ndinkadzifunsa ngati sindikungodana ndi abale chifukwa cha kabokosi komwe mwina sikadzagwira ntchito n'komwe.

Tsikulo linali Lachinayi, nthawi yoyeza masamba pa sikelo itayandikira. Chiperoni chinali chitagwira kuyambira Lachiwiri. Ife tinkathyola m'munda wakumunsi, masamba ake ochepa, odulira ali kumtunda kutsidya kwa kamtsinje. Ndinamva mwamuna akukuwa kuchokera kumeneko.

"Akazi awo ali kuti? Abanika kuno! Thamangani!"

Sindinafunse kuti ndani. Ndinavula dengu n'kuliponya pomwepo. Amene sanalowepo m'munda wa tiyi sadziwa kuti simuthamangika. Mitengo yake imalukana m'chiuno, imakukoka chitenje, ndipo pansi pamakhala poterera. Ndinagwa kawiri ndisanawoloke.

Ndinawapeza atatsamira mtengo wamthunzi, mpeni wodulira uli poteropo, milomo itatuwa. Mapewa ankakwera ndi kutsika koma mpweya sunkalowa, kunkangomveka kaluzu kakang'ono. M'manja anali ndi kopopera kawo, akukadinikiza mobwerezabwereza. Kanali katatha kalekale. Iwo ankati akakagwedeza pakhutu n'kumva kakulira, ndiye kuti mudakali mankhwala. Anzawo anali atawazinga, wina akuwakupiza ndi jekete, wina akufuna kuwagoneka chagada.

"Asiyeni akhale tsonga! Tafutukani apa!" Mawu amenewo sindikudziwa kumene ndinawatenga, chifukwa ngakhale akapitawo anabwerera m'mbuyo.

Mfundo ija inali itanyowa, ndipo inakana kumasuka. Ndinaimasula ndi mano. Nditang'amba kabokosi, ndinapapasa kumsana kufuna botolo, koma sindinalipeze. Botolo linali m'dengu, dengu lili kutsidya. Ndinayesa kuwapopera m'kamwa mwachindunji, koma analibe mphamvu yokoka, mankhwala ankangotuluka ngati utsi.

"Alamu! Ili!"

Anali alamu anga, matope mpaka m'mawondo, mpango utagwa, botolo lili m'manja. Masabata onse aja osandilankhula, maso awo ankaona chilichonse chomwe ndinkaika m'dengu. Ataona ndathamanga chimanjamanja, anakhuthula masamba anga pansi n'kunditsatira.

Ndinalowetsa kopopera m'botolo, alamu atagwira mutu wa mlongo wawo. Ndinapopa, ndikuwerenga mokweza monga anandiphunzitsira adokotala, ndinadikira, ndinapopanso. Kwa kanthawi sipanasinthe kanthu. Kenako kaluzu kaja kanayamba kukhuthala, mapewa anatsika pang'ono, ndipo anatsokomola chikhosomo chonyansa chomwe sindinamvepo chokoma ngati chimenecho. Ndinangokhala pansi m'matope momwemo.

Thirakitala yonyamula masamba ndi yomwe inatitengera ku kiliniki, titakhala pamatumba a tiyi. Tili m'njira abambowo anatsegula maso n'kunena mawu awo oyamba: "Dengu mwalisiya kuti?" Ndinafuna kuwamenya. M'malo mwake ndinalira, ndikuseka, woyendetsa thirakitala mpaka anatembenuka.

Adokotala anawasunga mpaka madzulo. Anawakalipira za kugwedeza kopopera pakhutu, ndipo anatiuza kuti tizibwera nako adzakaone kasanathe. Anatilembera kena ka sipeya. Alamu nawo anabwera ndi amuna awo sabata yomweyo, ndipo chifuwa chawo chinapezeka kuti n'china, chofuna mankhwala akeake.

Loweruka m'mawa ndikukonzeka kupita kumunda, alamu analowa osaodira. Anandipeza ndikumangirira kabokosi katsopano pachitenje. Anaima n'kumandiyang'ana, kenako anandichotsa manja.

"Simumanga choncho, alamu. Mukufuna mudzathe mano?"

Anamanga okha mfundo yomasuka ndi kukoka kumodzi, anaikoka kuti ndione, n'kuimanganso.

"Tsiku lija mukanandipatsa," anayamba, koma sanamalize. Anakhudza kabokosiko pachiuno panga, n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Ndikadzabweranso kudzapempha, mudzandithamangitse ndi tsache."