Mapepala a ku Tsindwi la Che Wadi

Fungo la mafuta a zitumbuwa atalowerera m'pepala sindinaliiwale. Pepala lotero limasanduka lambee, ukaliloza kudzuwa umaona zala zako kuseri kwake, koma inki siichoka. Ndinali mtsikana wa zaka khumi, m'mudzi wina pafupi ndi Lungwena kumene abambo anatumizidwa kukaphunzitsa. Inali nyengo ya mwera. Mabwato anali atakokeredwa kumtunda, asodzi akusoka maukonde pansi pa mitengo, ndipo mchenga unkalowa m'mano ngakhale utatseka pakamwa.

Akhristu tinali ochepa pakati pa Asilamu ambiri, ndipo wansembe akalephera kubwera, abambo ndiwo ankatsogolera mapemphero. Wansembe wina wokalamba anawabwereka buku lalikulu la Chingerezi la mbiri ya Ayuda, lolembedwa kalekale ndi Myuda amene sanali Mkhristu. Abambo anasangalala ngati mwana atapezamo Pilato ndi anthu ena amene tinkawamva m'Malembo. Ankafuna mpingo udziwe kuti Yesu anayenda m'dziko lenileni, lokhala ndi akazembe, asilikali ndi misonkho. Wansembeyo asanabwerere kwawo ndi buku lake, abambo anamasulira zigawo zina m'Chichewa, m'kope la masamba makumi anayi ndi asanu ndi atatu. Tsamba lililonse analipatsa nambala pansi pake. Sanali munthu wokometsera zinthu. Pamene wolembayo anatamanda Yesu kwambiri, iwo analemba m'mbali kuti mawuwo akuwakayikira, mwina anawonjezera ndi Akhristu a pambuyo pake.

Amayi ankakazinga zitumbuwa, ine ndinkagulitsa kugombe. Sabata ina lole yochokera ku Mangochi sinabwere, ndipo nyuzipepala zakale zokulungira zinatha. Ndinapeza kope lija m'sutukesi, lolembedwa mpaka kumapeto. Kusukulu tinkadziwa kuti kope lodzaza ndi kope lotha ntchito. Ndinazula pakati, pamene mawaya amagwira mofooka, mapepala asanu ndi atatu, kuyambira tsamba 17 mpaka 32. Dzuwa lisanapendeke ndinali nditakulungira onse.

Limodzi, la masamba 23 ndi 24, linapita ndi mnyamata wa chipani, mmodzi wa aja ankaima pamsika kufunsa makhadi. Atatha kudya anawerenga. Linkanena za munthu wina amene anauza anthu kuti asalembetse mayina awo kuboma, asakhome msonkho, pakuti wolamulira ndi Mulungu yekha ndipo kugonjera munthu ndi ukapolo. Dzina la dziko panalibe, za nthawi yake panalibenso. Panali dzanja la abambo lokha, limene mwana aliyense wa pasukulupo ankalidziwa. Mnyamatayo anakalipereka kupolisi. Patapita masiku awiri galimoto ya apolisi inaima pabwalo la sukulu, ndipo anawatenga abambo choko chili m'manja.

Masiku ano ndimamva achinyamata ena akunena kuti nthawi ija kunali mwambo ndi bata. Zimandinyansa. Chigawo chathu chakunyanja chinkakayikiridwa kale, ndipo munthu ankatha kusowa pa chifukwa chochepa kuposa ichi. Ena a kubanja amati abambo anakhalako mwezi. Si zoona. Anakhalako masiku asanu ndi anayi, ndipo kalata ya ahedi yowalola kubwerera kuntchito ndili nayo m'faelo, pamodzi ndi envulopu yake.

Amayi anapita kuboma ndi kope lotsala. Apolisi anawabweza. Anawauza kuti wochenjera aliyense angabise tsamba loukira pakati pa nkhani za tchalitchi, ndipo ngati saoneka masamba oyandikana nalo, aphunzitsi atumizidwa kutali. Atabwerako ndinaulula. Ndinayembekezera chikoti, koma anangomanga chitenje mwamphamvu nati, "Dzuka, tikafune."

Tinafuna masiku atatu. Tinafukula mchenga kugombe, tinayang'ana pansi pa matandala oyanikira usipa, m'mabango, m'maenje a zinyalala. Mphepo inali itaulutsa chilichonse chopepuka. Tinagogoda m'makomo mwa amene ndinawagulitsa. Ichi ndichinene poyera: a mpingo wathu omwe, amene Lamulungu lililonse ankamvera abambo akuwerenga kope lomwelo, anatiyankhira pawindo kuti sanaone pepala. Mantha ndikuwamvetsa, koma mayina awo ndikuwakumbukira.

Tsiku lachitatu tikubwerera, Che Wadi anatiitana ali pakhonde pawo. Anali mwalimu wokalamba wa madarasa, wa kofia yoyera ndi ndevu zochepa. "Akunyumba kwa aphunzitsi, mukupalasa mchenga ngati nkhuku, mwataya mkanda?" Amayi anafotokoza monong'ona. Iwo anaimirira pang'onopang'ono, nakweza dzanja kutsindwi, nayamba kusolola mapepala otsomekedwa mu udzu. Munali zikutiro za sopo, malisiti, zidutswa za makalata, zonse zakuda ndi mwaye. Che Wadi ankawerenga Chiarabu chokha. Zilembo zathu sankazidziwa, choncho pepala lililonse lolembedwa limene analipeza pansi ankalitola, poopa kuti mwina muli dzina la Mulungu.

"Awa a mafutawa ndinaona akugwa kwa makasitomala a mwanayu," anatero. "Pepala la m'nyumba ya aphunzitsi lingasowe dzina la Mulungu? Ndiye ndilisiye mbuzi ziponde? Tengani. Akakufunsani, mukanene kuti mwatenga kwa Wadi, musaope."

Mwa asanu ndi awiri amene tinkafuna, anapezeka asanu ndi limodzi. La masamba 29 ndi 30 silinaonekenso. Amayi anawasita ndi simbi ya makala, nyumba yonse n'kununkhira nthochi.

M'mawa mwake ananditenga. Tinakwera lole ya nsomba, tinawoloka Shire, ndipo tinadikira pabenchi mpaka masana. Mkulu wa apolisi amene anatilandira anali wakumpoto, wa mawu otsika. Anayala mapepalawo patebulo motsata manambala, natulutsa la masamba 23 ndi 24 lija m'kabati, naliika pakati. Chiganizo chimene chinali pamwamba pa tsamba 23 chinkayambira pansi pa 22, pamene panalembedwa kuti zimenezi zinachitika Aroma atalamula kalembera m'dziko la Yudeya. Pa 25 abambo anasonyeza vesi la m'Malembo limene limatchulanso munthu yemweyo, Mgalileya, ndi m'mene anathera. Mkuluyo anawerenga kawiri. Kenaka ananunkhiza pepala limodzi n'kuseka. "Mayi, mlandu uwu ukununkhira zitumbuwa."

Abambo anatuluka atanyamula nsapato m'manja chifukwa zingwe zake anawalanda. Mkuluyo anatiperekeza mpaka pakhomo nati, "Aphunzitsi, Aroma anuwa asiyeni agone." Pepala la 23 ndi 24 sanabweze.

Pobwerera, mphepo inali italeka. Nyanja inali phee, ndipo tikutsika lole tinaona mabwato akukankhidwira m'madzi. Abambo sanandikalipire. Anandigwira dzanja njira yonse, ndipo tisanalowe m'nyumba anapatukira kwa Che Wadi. Awiriwo anakhala pamkeka nthawi yaitali, akukambirana za aneneri amene onse ankawadziwa, aliyense ndi matchulidwe ake. Ine ndinagona tulo lenileni koyamba m'masiku asanu ndi anayi.

Ndili mwana ndinkakhulupirira kuti mnyamata wa chipani uja analakwitsa kuwerenga, ndipo manambala a pansi pa masamba anakonza cholakwacho. Nditakula, ndakhala ndikuwerenga kopelo kambirimbiri. Buku la wansembe linali lalikulu ngati njerwa ziwiri, ndipo abambo anasankhamo zochepa kwambiri. Pa zochepazo, m'zaka za makhadi, anasankha nkhani ya munthu wokana kulembetsa dzina, ndipo masamba 22 ndi 25 anawalemba mosamala kuposa ena onse. Sindinawafunse ali moyo. Ndikukhulupirira tsopano kuti mkulu wa apolisi uja, amene anawerenga kawiri, anaona zimene ine ndinatenga zaka makumi atatu kuti ndione. Anaziona, n'kusankha kuseka.