Kansalu Kakuda Kanatsala M'boti

Mkazi wanga anamwalira m'nyengo ya mvula, chimanga chikumasula. Sanadwale nthawi yaitali, ndipo za matendawo sindilemba pano. Tinamuika kwawo kwa Mavwere. Tsiku lometa, apongozi anga aakazi anadula kachidutswa pa nsalu yakuda imene anasokera diresi lawo la maliro, napatsa ankhoswe kuti andibayire ndi pini pathumba la malaya. Lamulo lake linali lachidule. Ndikasintha malaya ndizikasamutsa, koma wokavula kotheratu si ine, ndi akuchikazi, tsiku lodzandisudzula kuti ukwati watha.

Mwana wathu wamkazi, wa zaka zitatu, anatsala ndi agogo akewo mongoyembekezera. Ine ndinabwerera kusukulu ya sekondale kumene ndimaphunzitsa, kufupi ndi Kamwendo. Kwa Mavwere mwana ndi wa kuchikazi, ndipo palibe amene amafunsa kawiri. Komabe apongozi anali atandiuza okha, atakhala chammbali monga amachitira polankhula ndi mkamwini, kuti ndikadzasudzulidwa mwanayo ndidzamutenga.

"Kuno adzangophunzira kusenda mtedza," anatero. "Kwanuko kuli sukulu yamkaka."

Amene sankafuna zimenezi ndi mlamu wanga, mchimwene wa malemu, amene amagula soya ndi mtedza m'midzi. Iye ndiye malume a mwanayo, ndipo chiyambire tsiku la chinkhoswe ankandiona ngati munthu wobwera kudzatola za pamudzi pawo.

Aphunzitsi tinali titapangana kalekale kuti chaka cha sukulu chikadzatha tidzapite ku Liwonde kukakwera boti pa Shire ndi kuona nyama. Okwatira ankaloledwa kutenga akazi awo. Amene ankaufunitsitsa ulendowo anali mkazi wanga. Anakulira kufupi ndi madambo, ankamva akuluakulu akunena za mvuu zimene zinkadya m'madimba kale, koma iye anali asanaionepo. Nthawi itakwana ndinanena kuti sindipita. Ahedi anabwera kunyumba kwanga, naima pakhomo atavala tayi ngakhale linali Loweruka.

"Aphunzitsi, m'nyumba muno simutsegula ndi mawindo omwe. Tiyeni mukapitidwe mphepo."

"Sindinasudzulidwe."

"Kodi tikukakupatsani mkazi kumeneko? Tikukaona ng'ona basi."

Ndinapita. Tchuthi chinali chitangoyamba, ndipo ndinali nditatopa ndi kumva kulira kwa malata masana.

Tinanyamuka m'mawa pa kosita, tinafika dzuwa litapendeka. Njira yonse anthu ankaimba ndi kupatsana mandasi. Pampando umene ukanakhala wa mkazi wanga, mayi wina anaikapo chikwama chake cha zakumwa, nandifunsa ngati chikundipana. Ndinati ayi.

Padoko panali bambo wolondolera alendo, wovala yunifolomu yobiriwira, amene ankalankhula ngati wailesi. Anatiuza kuti wopanda jekete yoyandamitsa sakwera. Majeketewo anali achikasu, onunkha chinyezi ndi thukuta la anthu ena. Yanga inali yothina. Ndinaimanga, ndipo inaphimba chifuwa chonse pamodzi ndi kansalu.

Boti linali laling'ono, la denga la tenti, mipando iwiri mbali iyi, iwiri mbali inayo. Injini inkadzimbirira m'namasupuni. Mtsinjewo ndi waukulu, sindikana. Kutsidya kunali migwalangwa italiitali, nkhwazi itatera pamtengo wouma, ng'ona zitagona pamchenga kukamwa kuli yasa. Zonsezi ndinaziona, ndipo zinandinyansa chifukwa zinali ndendende monga mmene ankaziganizira mkazi wanga. Wolondolera uja anali ndi nthabwala yokonzeratu pa nyama iliyonse. Tikufika pamene panali mvuu anachepetsa injini.

"Limeneli ndi banja limodzi. Bambo mmodzi, amayi onsewo ndi ake. Azibambo, musatengere chitsanzo, mabwana anu ali pompano."

Anthu anaseka. Kamwana ka mvuu kanali katatsamiritsa chibwano pamsana pa mayi wake. Mayi wa chikwama uja anandigwira mkono kuti ndione, kenaka anakumbukira, nandisiya msangamsanga ngati wagwira mbaula. Ndinayang'ana bango. Boti lina linatidutsa, la azungu anayi okhala chete ndi magalasi oonera patali. Ndinawasirira chifukwa cha chete wawoyo.

Mphunzitsi wathu wa jogalafe sanakhale pansi ulendo wonse. Ndi munthu amene sangadye chakudya asanachijambule. Ankayenda uku ndi uku ndi foni, kutiuza kuti tiyang'ane kuno, tiyandikane, timwetulire. Kawiri ndinamuuza kuti asandijambule, kawiri konse anayankha kuti, "Osadandaula, achimwene."

Pobwerera, mvuu ina inavuuka pafupi penipeni ndi boti, mbali imene anakhala ahedi, n'kufwenthera madzi m'mwamba. Ahedi, munthu wamkulu thupi amene ana amathawa akangomva nsapato zake, anagwa chogwada pansi pa mpando, nakumbatira mwendo wa woyendetsa boti, akuitana mayi awo. Chipewa chawo chinapita ndi madzi. Ndinaseka. Ndinaseka kwenikweni, mpaka m'nthiti munapweteka, koyamba chimwalirire mkazi wanga. Sizinatenge nthawi. Koma foni ya jogalafe inali itandiloza kale.

Padoko tinavula majekete mopikisana n'kuwaponya pamulu. Yanga inakola penapake, ndinaikoka mwamphamvu. Tili kumalo ogona ndi pamene ndinaona kuti pathumba pangotsala kabowo. Pini inali itakodwa m'kati mwa jekete, n'kupita ndi kansalu.

Kutacha ndinabwerera kudoko anzanga akukweza katundu. Boti lathu linali litanyamuka kale ndi alendo ena, majekete onse atavalidwa. Ndinamufotokozera wolondolera uja. Anandiyang'ana pachifuwa, kenaka kumaso.

"Kansalu chabe, bwana? Kopanda kanthu m'kati?"

"Kansalu ka maliro."

"Pepani. Tikakapeza tikusungirani."

Ananena ndi mawu omwe aja a nthabwala ya mvuu. Kumsewu kosita inali ikuliza hutala.

Pa Kamwendo ndinapita kwa telala amene amasoka pakhonde la golosale. Anafufuza m'thumba la zidutswa, natulutsa chotsala cha buluku la munthu wina, nadula kofanana kukula kwake. "Chakuda ndi chakuda," anatero. Inenso ndinaganiza choncho. Sindinaone chifukwa chokwerera kabaza mpaka kwa Mavwere kukadziimba mlandu pa nkhani ya pini.

Chithunzi chija jogalafe anachiika pafoni kuti aliyense aone. Sindikudziwa kuti chinadutsa m'manja angati. Ogula mbewu amadziwana ndi aliyense.

Anandisudzula anthu atamaliza kukolola, fumbi litayamba. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba ya apongozi: ankhoswe a mbali zonse ziwiri, mkulu wa mpingo, apongozi pamphasa ndi amayi anzawo, mlamu wanga pampando wa pulasitiki. Nkhoswe wanga anali amalume anga ochokera kwathu kwa Zulu, munthu wofatsa amene amaopa mikangano. Mwana anamutengera kwa anansi. Pemphero litatha, mlamu anatulutsa foni.

"Tisanapite patali, akuluakulu, taonani kaye mmene alamu athu akulirira maliro."

Foni inayenda dzanja ndi dzanja. Aliyense ankaiyang'ana, kenaka n'kundiyang'ana ine. Itafika kwa amalume anga anaigwira nthawi yaitali ngati akuwerenga.

"Mano onse panja," anatero mlamu. "Mchemwali wanga manda ake asanaphwe n'komwe. Nanga kansalu kali pati pamenepo, aphunzitsi? Kapena kusukulu yanu yaukachenjede anakuphunzitsani kudzisudzula nokha?"

"Kali m'kati mwa jekete."

"Jekete yachikondwerero."

"Yoyandamitsa. Sakweza munthu wopanda imeneyo."

"Ndiye anakukwezani mokakamiza? Anakumangani chingwe?"

Mlamu ananena zambiri: kuti munthu amene akuyenda maulendo a mvuu miyezi yomweyi, chaka chisanathe adzakhala atalowetsa mkazi wina, ndipo mwana wa mchemwali wake adzasanduka wantchito wotsuka mbale. Wina anapereka foni kwa apongozi. Sanailandire.

"Maso anga saona za m'foni," anatero. "Kuseka si mlandu. Mwana wanganso ankaseka, mumamudziwa. Tiyeni tichite chimene tabwerera."

Mlamu anabweza foni m'thumba. Amalume anga anapuma mwamphamvu, ndipo ine ndinayamba kuganiza za kamatiresi kamene ndinali nditamugulira kale mwana.

Nkhoswe wa kuchikazi anadzagwada patsogolo panga, namasula pini, natenga kansalu n'kukapereka kwa apongozi ndi manja awiri. Anakalandira osayang'ana. Anakapotokola pakati pa zala, nasiya, nakapotokolanso. Kenaka anagwira mpendero wa diresi lawo ndi dzanja linalo. Nsalu yawo inali yopepuka, yotuwa pang'ono chifukwa chochapachapa. Ya telala inali yokhuthala, yonyezimira.

"Iyi si nsalu yanga."

Kenaka anandifunsa ine.

"Bambo a mwana, yanga ili kuti?"

"Inatsala m'boti, amayi. Pini inakodwa mu jekete. Ndinabwerera kukafunafuna koma boti linali litapita."

"Anapatsa mvuu," anatero mlamu. Palibe anaseka, ndipo apongozi sanamuyang'ane.

"Nanga iyi mwaitenga kuti?"

"Kwa telala pa Kamwendo."

"Mwabwera pano kangati chibwerere kumeneko?"

"Kangapo."

"Mwakhala pakhonde langa, mwadya chakudya changa, muli ndi chigamba cha buluku pachifuwa. Mukanangonena. Nsalu ilipo m'nyumbamu, ndikanakudulirani ina."

Amalume anga anandiponda chala. Ndinadziwa chimene ankafuna: nditsike pampando, ndigwade, ndiombe m'manja, ndinene kuti ndinalakwa. Ndinayang'ana mlamu wanga, amene anali atapinda miyendo akudikira kuti aone zimenezo. Ndinali nditavala chakuda tsiku lililonse, ngakhale pochapa, ngakhale ndili ndekha m'nyumba mmene palibe akanandiona. Amene ankagona pambali pa malo opanda munthu ndinali ine, osati aliyense wa pansi pa mtengowo. Sindinatsike pampando.

Apongozi anadikira. Kenaka anaika kansalu kaja pamphasa, pambali pawo.

"Msudzuleni," anatero. "Mwana akhale kuno. Ayambe wakula."

Zotsalazo zinayenda mwamsanga. Anandiuza kuti ndine womasuka, kuti pamudzipo ndi panga ndithu, kuti mwana ndizibwera kudzamuona. Mkulu wa mpingo anapempheranso. Titafika pamsewu amalume anga anangoti, "Mawondo akowo ndi achitsulo?"

Jogalafe anabwera kudzapepesa atamva. Anati iye ankangofuna anthu aone kuti ndayamba kupeza bwino. Ndinamuuza kuti achotse dzanja lake paphewa langa. Timaphunzitsabe pasukulu imodzi, ndipo timalankhulana za mayeso zokha. Ahedi anagula chipewa china.

Kwa Mavwere ndimapita Loweruka. Apongozi amandilandira bwino, amandipatsa mpando ndi madzi, ndipo za sukulu yamkaka sanazitchulenso. Kamatiresi kadakali m'pulasitiki yake.

Mlamu wanga anamuonetsa mwana chithunzi chija. Sindikudziwa kuti ankafuna chiyani, koma mwanayo anachikonda. Kumbuyo kwa mutu wanga kumaoneka makutu a mvuu ndi madzi akuthovoka. Ulendo uliwonse ndikangotsika pa kabaza amandithamangira ndi funso lomwelo.

"Adadi, mudzanditenga liti kokaona mvuu?"

"Kulibe chabwino kumeneko."

"Nanga bwanji munkaseka?"

Ndimamuuza kuti akafunse amalume ake, popeza chithunzicho amasunga ndi iwo. Dzuwa likapendeka agogo ake amamuitana kuti akasambe, ndipo ine ndimakadikira kabaza pamsewu.